John Chowning

John Chowning ndi wopeka nyimbo wa ku America, yemwe anabadwa mu 1934 ku Salem m'chigawo cha New Jersey. Amadziwika chifukwa chotulukira njira yopangira maliwu pakompyuta yotchedwa FM synthesis.

Atamaliza maphunziro ku Wittenberg University mu 1959, anapita ku Paris kukasulidwa pa za nyimbo ndi mphunzitsi Nadia Boulanger, kenako analowa yunivesite ya Stanford. Ali kumeneko anawerenga nkhani ya Max Mathews wa ku Bell Labs, yomwe inatuluka mu 1963, yofotokoza kuti kompyuta ikhoza kukhala choimbira. Chowning sanali injiniya. Anali woimba ng'oma wa khutu lakuthwa, ndipo khutulo ndi lomwe linam'thandiza.

Mu 1967 ankayesa kunjenjemeretsa liwu, monga amachitira woimba akamakoka mawu. Atawonjezera liwiro kwambiri, kunjenjemerako kunaleka kumveka, m'malo mwake kunatuluka liwu lamtundu wina. Ndi mafunde awiri okha a liwu, lina likugwedeza linzake, ankatha kupanga kulira kwa belu, lipenga kapena ng'oma. Phindu lake linali lalikulu, poti makompyuta a nthawiyo ankachedwa zedi, moti kachigawo kochepa ka nyimbo ankakadikirira nthawi yaitali asanakamve. Anafalitsa zotsatira zake mu 1973.

Makampani opanga maogani ku America sanachite nazo chidwi. Yamaha ya ku Japan ndi imene inagula chilolezo kwa Stanford, ndipo mu 1983 inatulutsa kiyibodi ya DX7, yomwe maliwu ake anadzaza nyimbo za pawailesi m'zaka za m'ma 1980. Stanford inapata ndalama zambiri pa chilolezochi, chonsecho yunivesite yomweyo inali itam'mana ntchito yokhazikika poyamba, n'kudzamuitananso pambuyo pake. Mu 1975 iye ndi anzake anakhazikitsa malo ofufuzira a CCRMA pa Stanford pomwepo.

Nyimbo zake n'zowerengeka, koma iliyonse inam'tengera khama. Turenas, ya mu 1972, imamveka pa masipika anayi ozungulira omvera, ndipo liwu limayenda m'chipindamo, kuyandikira n'kutalikira ngati likuuluka. Stria, ya mu 1977, anaipeka atapemphedwa ndi bungwe la IRCAM la ku Paris. Mmenemo anasiya masikelo ozolowereka n'kuyeza mipata ya maliwu potengera nambala 1.618. Phoné inatsatira mu 1981, ndipo ili ndi maliwu akompyuta omveka ngati anthu akuimba.