i7 ya chaka chiti? Mbiri ya mapurosesa otchipa

Wina akangofunsa pagulu lathu za kompyuta ya padesiki yoti agule, yankho limabwera lomwelomwelo: "Tenga i7 aise, i3 ndi ya ana." Ogulitsa makompyuta a kaunjika m'matauni mwathu amatidziwa bwino, n'chifukwa chake pagalasi la shopu amalemba Core i7 ndi zilembo zikuluzikulu, koma chaka chomwe purosesayo inatuluka sachitchula. Chonsecho i3 ya 2022 imaisiya kutali i7 ya 2012. Kuti timvetse momwe zinafikira pamenepa, tiyambire pomwe mapurosesa otchipa anayambira.

Mu 1997 ku America anthu anayamba kugula kwambiri makompyuta osafika madola 1,000, ndipo ambiri mwa makompyutawa anali ndi mapurosesa a AMD ndi Cyrix chifukwa Pentium II ya Intel inali yodula. Intel itaona kuti anthu a ndalama zochepa akuithawa, mu Epulo 1998 inatulutsa Celeron. Mtengo inautsitsa mwachidule: inatenga Pentium II n'kuchotsamo L2 cache, kankhokwe kosungira zinthu zomwe purosesa ikuzifuna pafupipafupi kuti isamakazitenge kutali ku RAM. Zili ngati kuphika nsima ufa uli kwa aneba. Celeron yoyambayo, ya 266 MHz, inanyozedwa kwambiri chifukwa cha kuchedwa.

Patangopita miyezi inayi, mu Ogasiti, kunabwera Celeron 300A. Iyi inali ndi cache ya 128 KB yokha, pomwe Pentium II inali ndi 512 KB, koma ya Celeron inali m'kati mwenimweni mwa purosesa ndipo inkathamanga liwiro lonse la purosesayo, osati theka ngati ya Pentium II. Okonda kusewera ndi makompyuta anatulukira kuti akasintha liwiro la motherboard kuchoka pa 66 kufika pa 100 MHz, ka Celeron ka 300 MHz kankafika pa 450 MHz bwinobwino, n'kumapikisana ndi Pentium II 450 yomwe inkagulidwa madola oposa 600. Ikoko mtengo wake sunkafika ndi madola 200 omwe. Apa ndi pomwe zinaonekera poyera kuti purosesa yotchipa nthawi zambiri ndi mbale wake wa yodula ija, kungoti kampani yaimanga miyendo dala. Ndipo chingwecho kampani imachimasula pokhapokha mnzake wopikisana naye akaipanikiza.

AMD inapanikizadi. Mu Juni 2000 inatulutsa Duron, yomwe inkaposa Celeron wa liwiro lofanana nayo pa ntchito zambiri, kwinaku mtengo uli wotsika. Dzina la Duron linalowedwa m'malo ndi Sempron mu 2004.

Nthawi imeneyo anthu ankayesa purosesa ndi ma GHz basi, ngati momwe ena amayesera foni ndi kukula kwa sikirini. Pentium 4 inafika mpaka 3.8 GHz, ikutentha ngati mbaula komanso ikudya magetsi mpaka mawati 115. Mu Julayi 2006 Intel yomweyo inatulutsa Core 2 Duo, ndipo E6300 ya 1.86 GHz, ya mawati 65, inkagonjetsa ma Pentium 4 a ma GHz ochuluka pafupifupi kawiri. Chifukwa chake n'chakuti inali ndi ma core awiri, kutanthauza antchito awiri m'kati mwa purosesa imodzi, ndipo wantchito aliyense ankamaliza zambiri pa sitepe iliyonse. Kuyambira pamenepo ma GHz amangothandiza poyerekeza mapurosesa a m'badwo umodzi.

Gawo lomwe limatikhudza kwambiri ife ndi la pakati pa 2011 ndi 2017. Mu Januwale 2011 Intel inatulutsa m'badwo wachiwiri wa Core, wotchedwa Sandy Bridge, ndipo unali wabwino zedi. Mu Okutobala chaka chomwecho AMD inayankha ndi FX ya Bulldozer, yomwe inakhumudwitsa anthu: ma core ambiri papepala, koma iliyonse yofooka ndiponso yodya magetsi. Intel inatsala yokha pamwamba, ndiye inangoti phee. Kwa mibadwo isanu ndi umodzi, kuyambira wachiwiri mpaka wachisanu ndi chiwiri, i3 ya padesiki inakhalabe ndi ma core awiri, i5 anayi, i7 wamba anayinso koma yokhala ndi Hyper-Threading, luso lomwe limalola core imodzi kusenza ntchito ziwiri nthawi imodzi. Chaka chilichonse liwiro linkangokwera pang'ono. Mphatso zinkabwera mwa apo ndi apo, monga Pentium G3258 ya 2014, yokumbukira zaka 20 za dzina la Pentium, yomwe Intel inalola anthu kuikweza liwiro okha.

Chaka cha 2017 ndi chomwe chinasintha zonse. Mu Januwale, AMD ili pafupi kutulutsa Ryzen, Pentium G4560 inabwera ndi Hyper-Threading pa madola 64, n'kumachita pafupifupi zonse zomwe i3 ya madola oposa 100 inkachita. Ryzen inafika mu Malichi, ndipo mu Julayi Ryzen 3 1200 inapereka ma core anayi pa madola 109. Mu Okutobala i3-8100 nayo inatuluka ndi ma core anayi. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi zinkaoneka ngati n'zosatheka, koma mpikisano utabwera zinatheka m'miyezi yochepa chabe, eti. Mu Febuluwale 2018 Ryzen 3 2200G, ya madola 99, inabwera ndi graphics za Vega m'kati, moti munthu ankatha kusewera magemu ena opanda kugula khadi yapadera.

Yerekezani izi. i7-7700 ya 2017 inali ndi ma core anayi ndi Hyper-Threading, mtengo pafupifupi madola 300. i3-10100 ya 2020 inali ndi ma core anayi ndi Hyper-Threading, mphamvu zake n'kumafanana ndi za i7 ija, mtengo pafupifupi madola 120. Zaka zitatu zokha, bwana wa dzulo n'kulingana ndi mesenjala. Mu 2022 i3-12100 inadzaposanso onse awiri.

Tsopano makompyuta ambiri omwe timawapeza m'mashopu kwathu kuno, ma Dell OptiPlex ndi ma HP ochotsedwa m'maofesi a kunja, ndi a nthawi yogona ija: i5-3470, i5-4590, i7-3770. Sindikuwanyoza ayi. Polemba kalata yofunsira ntchito, kuphunzira Excel, kuyamba kulemba mapulogalamu kapena kuonera maphunziro pa YouTube, i5 ya m'badwo wachinayi yokhala ndi RAM ya 8 GB ndi SSD ndi yokwanira, ndipo SSD imeneyo imasintha kathamangidwe ka kompyuta kuposa kuchoka pa i5 kupita pa i7 ya m'badwo womwewo. Chomwe ndimakana ndi kulipira mtengo wa dzina. Ngati i7-3770 akuitchaja ndalama yofanana ndi i3-8100 kapena i3-10100, ine ndingatenge i3 osaganiza kawiri, makamaka kwa inu a zojambula ndi nyimbo amene mudzafune kuwonjezera RAM ya DDR4 mtsogolo.

Palinso nkhani ya Windows. Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku lomaliza kuthandiza Windows 10, ndipo Windows 11 mwalamulo imafuna TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita mtsogolo, kupatula zochepa chabe za wachisanu ndi chiwiri. Ndiye i7-7700, ndi ukulu wake wonse, ili kunja, pomwe ka i3-8100 kali m'kati. Kwa AMD, Ryzen 3 1200 ndi 2200G zili kunja, 3200G ili m'kati. Kompyuta yakaleyo siifa, Linux Mint imayendamo bwino kwambiri, koma mtengo wake uyenera kutsika molingana.

M'badwo umawerengedwa pa manambala otsatira kamzere. Pa manambala anayi, loyamba ndiye m'badwo: 4590 ndi wachinayi, 8100 ndi wachisanu ndi chitatu. Pa manambala asanu, awiri oyamba: 12100 ndi wa 12. Mukaona F kumapeto, monga i3-12100F, purosesayo ilibe graphics m'kati, moti popanda khadi yapadera sikirini siionetsa kanthu. Musanapereke ndalama, pemphani wogulitsa ayatse kompyutayo, tsegulani Task Manager, pitani pa Performance kenako CPU, ndipo nambala yonse ili pakona yakumanja pamwamba.