Kuchepa kwa okosijeni ndi kutupa kwa ubongo wa mwana wosabadwa

Mwana ali m'mimba sapuma yekha. Okosijeni amamupeza m'magazi a mayi kudzera mu nsengwa. Nsengwa ikafooka, kaya chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kapena malungo, ubongo wake umaperewera mpweyawu. Pamenepo maselo oteteza ubongo otchedwa microglia amadzuka n'kutulutsa ma cytokine, timapuloteni toyambitsa kutupa. Chimodzimodzinso tizilombo tikalowa m'thumba la madzi momwe mwana akhala: kutupa kumabuka ngakhale tizilomboto tisanafike ku ubongo.

Choopsa kwambiri n'choti kuchepa kwa mpweya ndi kutupaku zimakulitsana. Kafukufuku wa pa makoswe wasonyeza kuti ubongo womwe wayamba kale kutupa umavulala koposa mpweya ukachepa, ngakhale pang'ono. Pakati pa masabata 24 ndi 32 a pathupi, maselo amene adzakute mitsempha ya ubongo amakhala anthete, ndipo ndiwo amayamba kufa. Mwana wotere angathe kudzakhala ndi cerebral palsy, miyendo n'kumauma, kuyenda n'kuchedwa.

Ku Malawi, tizilombo ta malungo ta Plasmodium falciparum timaunjikana mu nsengwa mayi osamva n'komwe kutentha thupi. Fansida wa kusikelo amaperekedwa kuti achepetse zimenezi.