Za Mnyamata wa ku Wimbe ndi Mphepo Yace

Abale, nkhani zambiri zitha msanga monga moto wa mapesi, koma nkhani ya mwana amene alikukula sizirala ai. Caka ca 1933 lidaturuka buku la Samuel Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, lonena za Nthondo, mnyamata wosamvera amene pambuyo pace anakhala mfumu. Ndipo makolo athu analikonda ndithu.

Nkhani yotere inafikanso m'kanema. William Kamkwamba anabadwa caka ca 1987, nakulira ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Pa njala yaikuru ya 2001 ndi 2002 atate wace anasowa ndalama za sukulu, ndipo mnyamatayo anakhala pamudzi. Koma sanaleke kuwerenga. M'nyumba ya mabuku anapeza buku lokhala ndi cithunzi ca makina ozungulira ndi mphepo. Natola zitsulo zotayidwa, ndi njinga yakutha, ndi mitengo ya bulugamu, naimika nsanja. Anthu anamuyesa wamisala, kufikira tsiku lija nyali inayaka.

Mbiri yace inalembedwa m'buku caka ca 2009, ndipo caka ca 2019 Chiwetel Ejiofor anapanga kanema, The Boy Who Harnessed the Wind. Anajambula m'dziko mwathu muno, iye mwini nasewera ngati atate wa mnyamatayo, naphunzira Cicewa cifukwa ca nchitoyo. M'kanemamo makina aja atunga madzi othirira munda. Koma makina oyamba enieni anaunikira nyumba.

Nanga cifukwa ninji tibwereza kuonera, pokhala tidziwa kale mathero ace? Si makina ai. Citikhudza ndi atate uja wokaniza njinga yace, pakuti ndiyo cuma cace cotsala, ndi mwana wopempha kuti amkhulupirire. Mkangano umenewo uli m'nyumba zathu zonse. Ana aona okha mwa William. Ife akuru tidziona mwa atate, ndipo manyazi atigwira.

Kuno kwa Maganga anyamata ambiri asiya sukulu, nacezera panyanja kugwira usipa. Sitiwanyoza, pakuti ndiwo zathu zicokera m'manja mwao. Koma mwera umene uwabweza kugombe ndiyo mphepo yomweyo imene inazunguza makina a ku Wimbe. Tsono mwana akadza ndi maganizo acilendo, tiyambe tamumvera tisanamseke.