MLANDU WA KAPUTENI GRÜNINGER

M'maŵa wa tsiku la 3 Epulo 1939, mumzinda wa St. Gallen kuvuma kwa dziko la Switzerland, mkulu wa apolisi a chigawo chonsecho anafika kuntchito monga mwa masiku onse. Pakhomo pa likulu lawo anapezapo wapolisi wachinyamata ali chilili, ndipo mnyamatayo anawauza kuti walamulidwa kuti asawalole kuloŵa. Amene anabwezedwa pakhomopo anali Kaputeni Paul Grüninger, bambo wa zaka 47, amene anali atatsogolera apolisiwo kwa zaka 14 popanda banga lililonse pa mbiri yawo. Mwezi wotsatira, pa 12 Meyi, anachotsedwa ntchito kotheratu. Tifuna kuti mwezi uno tiione bwino nkhani ya bambo ameneyu, pakuti mlandu umene anawazenga sunathe msanga: unatenga zaka zoposa 50 kuti uweruzidwe kachiŵiri, mwiniwake ali kale m'manda.

A Grüninger anabadwira mu St. Gallen momwemo pa 27 Okutobala 1891, m'banja losalemera. Poyamba sanali munthu wa yunifolomu ayi. Anaphunzira za uphunzitsi ku Rorschach, m'mphepete mwa nyanja ya Constance, naphunzitsa ana m'sukulu za kumidzi ya m'chigwa cha mtsinje wa Rhine. Anthu ambiri ankawadziŵa chifukwa cha mpira, popeza anali m'timu ya Brühl imene inatenga ukatswiri wa dziko lonse m'chaka cha 1915. Analoŵa upolisi mu 1919, ndipo mu 1925 anakwezedwa kukhala mkulu wa apolisi onse a chigawo cha St. Gallen. Tikaŵerenga za zaka zimenezi sitipezamo chilichonse chosonyeza munthu woukira akuluakulu. Anali wantchito wa boma wodalirika, wokonda mpira ndi nyimbo, wa banja lake ndi nyumba yake ya boma, woyembekezera penshoni yake monga anzake onse.

Kuti timvetse chimene chinawagwetsa, tiyenera kuyamba tadziŵa kapangidwe ka dzikolo. Switzerland ndi dziko la zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi kaboma kake, nyumba yake ya malamulo ndi apolisi ake. Koma lamulo lonena za mlendo amene angaloŵe m'dziko limachokera ku likulu, ku Bern. Masiku amenewo nthambi yoona za alendo inali m'manja mwa Heinrich Rothmund, munthu amene ankaopa kwambiri kuti dziko lake lidzadzaza ndi anthu obwera, makamaka Ayuda. Motero Bern ankalamula, koma wogwira munthu pamalire ndi kum'bweza anali wapolisi wa chigawo. Ndipo chigawo cha St. Gallen chimachita malire ndi dziko la Austria.

Mu Malichi 1938 asilikali a Hitler analoŵa mu Austria, dzikolo nilimezedwa ndi Germany. Mu Austria munali Ayuda oposa 180,000, ambiri a iwo mumzinda wa Vienna. M'masiku ochepa okha anthu ameneŵa analandidwa masitolo ndi ntchito, ena anagwaditsidwa m'misewu kuti azikwecha miyala anthu akuwaseka, ena anatengedwa kupita kundende ya Dachau. Aliyense amene akanatha anayamba kufunafuna kothaŵira. Mu Julayi chaka chomwecho nthumwi za maiko 32 zinakumana ku Evian, m'dziko la France, kuti zikambirane za anthu othaŵaŵa. Zinalankhula mawu achisoni ambiri, koma pafupifupi dziko lililonse linapereka chifukwa chake chosalandirira anthu ena oonjezera.

Pamalire a St. Gallen pali mudzi wotchedwa Diepoldsau, umene malo ake ndi odabwitsa pang'ono. Kale mtsinje wa Rhine unkakhota mozungulira mudziwo, ndipo malire a maiko aŵiriwo ankatsata kukhota kumeneko. Akatswiri atawongola mtsinjewo m'zaka za m'ma 1920, madzi ambiri anayamba kudzera njira yatsopano, koma malire anatsala pa khwaŵa lakale, pamene madzi ake ndi osaya kotero kuti munthu angathe kuwoloka ndi miyendo. Tsidya lake ndi tauni ya Hohenems ya ku Austria. Ndi pamenepa pamene anthu ankawolokera usiku, amuna, akazi ndi ana, atanyowa mpaka m'chiuno, ena atanyamula kasutukesi kamodzi, ena ali chimanjamanja.

Pa 17 Ogasiti 1938 akuluakulu a zapolisi a zigawo anaitanidwa ku Bern kukakambirana za vutoli. Zolembedwa za msonkhanowo zikusonyeza kuti a Grüninger anali m'gulu la anthu ochepa amene anatsutsa maganizo otseka malire, ponena kuti kubweza anthu oterewo kunali kosatheka kwa munthu woganizira umunthu. Sanamvedwe. Kuyambira pa 19 Ogasiti lamulo linali lakuti aliyense wochokera ku Austria wopanda chilolezo choloŵera abwezedwe kumene wachokera, popanda kupatula. Mu Okutobala, maboma a Switzerland ndi Germany atamvana, mapasipoti a Ayuda a ku Germany anayamba kudindidwa chilembo chachikulu chofiira cha J, kuti mlonda wa pamalire asavutike kudziŵa woyenera kubwezedwa.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Lamulo linasiya kampata kamodzi: amene analoŵa lisanafike tsiku la 19 Ogasiti akanatha kukhala. Tsono a Grüninger anayamba kubweza masiku m'mbuyo. Munthu wowoloka mu Seputembala kapena mu Novembala ankalembedwa m'mapepala kuti anafika mu Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti. Mapepala ambiri otero ankadzazidwa mu ofesi ya bungwe la Ayuda lothandiza othaŵa kwawo ku St. Gallen, limene mtsogoleri wake anali Sidney Dreifuss, ndipo ankatero molangizidwa ndi Kaputeniyo. Anthu olandiridwawo ankasungidwa mumsasa wa ku Diepoldsau, m'nyumba imene kale inali fakitale ya nsalu zopeta, ndipo ndalama zowadyetsera zinkachokera m'matumba a Ayuda a ku Switzerland, popeza boma linakana kulipira. Ziŵerengero zimene ankatumiza ku Bern ankazichepetsa dala. Panalinso nzeru ina imene ifeyo timaiona ngati yolimba mtima kuposa zonse: ankalemba makalata a boma oitana anthu ena amene anali m'ndende ya Dachau, ngati kuti akufunika kudzaonekera pamaso pa apolisi a St. Gallen, ndipo kalata yotero inkatha kutsegulira munthu chipata cha ndende ndi cha malire pamodzi.

Tisathamangire kunena kuti zimenezi zinali zapafupi kuziweruza. Wapolisi amalumbira kusunga lamulo, ndipo dziko limene mkulu wa apolisi aliyense asankha yekha malamulo oti awatsate ndi oti awaponde silingakhale dziko la mtendere. Munthu wolemba tsiku labodza m'kaundula wa boma walemba bodza, ngakhale atatero ndi mtima wabwino chotani. Amene anawaimba mlandu sananame pa mfundo imeneyi, ndipo a Grüninger eni ake sanakane kuti anachitadi zimenezo. Koma tikumbukenso kuti Rothmund anali ku Bern, kumene othaŵawo anali manambala papepala, pamene a Grüninger ankapita okha ku Diepoldsau nakaona nkhope. Ankadziŵa zimene zinkachitika tsidya linalo, makamaka utapita usiku wa pa 9 Novembala 1938, pamene masunagoge anatenthedwa mu Germany ndi mu Austria monse, amuna achiyuda zikwizikwi nagwidwa. Mkulu wina aliyense akanatha kusamba m'manja ponena kuti lamulo silake, iye ndi wotumidwa chabe. Ambiri anaterodi. Kwa ife, kulemera kwa nkhaniyi kuli pakuti a Grüninger anayamba ayesa njira yoyenera, analankhula poyera pamsonkhano wa akuluakulu, ndipo atagonja pamenepo m'pamene anatsala ndi njira ziŵiri zokha: kubweza mayi ndi mwana wake m'madzi, kapena kusintha tsiku.

Sanali okha. Apolisi ena ang'onoang'ono a m'malire ankayang'ana kumbali dala, anyamata a m'midzi yozungulira ankalondolera anthu poyenera kuwolokera, ena mwaulere, ena molipiritsa, ndipo ku Bregenz kunali wantchito wa ofesi ya kazembe wa Switzerland, Ernst Prodolliet, amene ankapereka zilolezo zimene sanaloledwe kupereka. Ngakhale nduna ya chigawo yoyang'anira apolisi, Valentin Keel, inkadziŵa zambiri ndipo poyamba inkalola. Koma Bern atayamba kufunsa chifukwa chimene othaŵa ankachulukirabe ku St. Gallen malire ali otseka, aliyense anayamba kudzitchinjiriza. Keel anakhalabe pampando wake. Mutu umodzi unayenera kugwa, ndipo unali wa Kaputeni.

Chilango cha kukhoti chinali chaching'ono. Kumapeto kwa 1940 bwalo la milandu la St. Gallen linawapeza olakwa pa kuphwanya udindo wawo ndi kulemba zonama m'mapepala a boma, niliwalamula kulipira faindi ya ma franc 300 pamodzi ndi ndalama zoyendetsera mlandu. Chilango chenicheni chinali chitagwa kale. Anachotsedwa ntchito popanda chenjezo, penshoni yonse inapita, banja linatulutsidwa m'nyumba ya boma, ndipo mwana wawo wamkazi anasiya sukulu kuti akagwire ntchito yothandizira makolo. Kunja kunayenda manong'onong'o akuti ankalandira ziphuphu kwa othaŵawo. Palibe amene anabweretsa umboni wake, koma miseche siifuna umboni, ndipo inawatsata zaka zambiri.

Zaka 30 zotsatira tingazifotokoze mwachidule, pakuti zinali zofanana. Munthu amene kale apolisi onse a chigawo ankamuchitira sailuti sanapezenso ntchito yokhazikika. Anagulitsako nsalu, anayendako ndi za inshuwalansi, anaphunzitsako anthu kuyendetsa galimoto, ndipo pambuyo pake ankaitanidwa mwa apo ndi apo kukagwirizira m'kalasi mphunzitsi akadwala. Anakhala ku Au, m'chigwa chomwe chija cha Rhine, kufupi ndi malire amene anawatayitsa zonse. Nkhondo itatha, dziko lonse lapansi linadziŵa kuti Ayuda a ku Austria pafupifupi 65,000 anaphedwa, ndipo wina akanayesa kuti pamenepo boma la St. Gallen lidzaitana wantchito wake wakale ndi kum'pepesa. Silinatero. Kuvomera kuti Kaputeni anakhoza kukanatanthauza kuvomera kuti boma linalakwa, ndipo ambiri mwa amene anasaina malamulo aja anali akadali moyo, ena akadali pamipando.

Ulemu waukulu unachokera kunja. Mu 1971 bungwe la Yad Vashem la ku Jerusalem linawaika m'gulu la anthu a mitundu ina amene anaika moyo wawo pachiswe populumutsa Ayuda. Chaka chomwecho atafunsidwa pa wailesi yakanema, nkhalambayo inayankha mosazengereza kuti zinthu zitabwereranso momwemo ikanachitanso chimodzimodzi. Anamwalira pa 22 Febuluwale 1972 ali ndi zaka 80, ali mmphaŵi, ndipo m'mabuku a boma akadali munthu wopezeka wolakwa.

Pempho loti dzina lawo liyeretsedwe linakanidwa kangapo ngakhale iwo atamwalira. Zinthu zinatembenuka mu 1993, pamene wolemba mbiri Stefan Keller anatulutsa buku lotchedwa Grüningers Fall, atafufuza m'mafaelo akale ndi kufunafuna m'maiko osiyanasiyana anthu amene anawoloka pa Diepoldsau akadali ana kapena achinyamata. Tsopano anali agogo, ndipo analipo oti n'kuchitira umboni. Kumapeto kwa chaka chomwecho boma la chigawo linavomereza kuti a Grüninger anachita zoyenera. Mu Meyi 1995 mtsogoleri wa dziko, Kaspar Villiger, anapepesa poyera chifukwa cha chidindo chija cha J. Mu Novembala 1995 bwalo lomwe lija la St. Gallen linatsegulanso mlanduwo nilifafaniza chigamulo cha 1940, pa chifukwa chakuti munthu wothandiza anzake amene moyo wawo uli pangozi sapalamula. Mu 1998 nyumba ya malamulo ya chigawo inapereka ma franc 1.3 miliyoni m'malo mwa malipiro ndi penshoni zimene zinalandidwa. Banja silinadye ndalamazo. Linakhazikitsa nazo thumba la dzina la bambo wawo, limene limapereka mphoto kwa anthu oteteza anzawo molimba mtima.

Kodi anapulumutsa anthu angati? Olemba mbiri amasiyana: ena amati mazana angapo, ena amafika pa 3,600. Kusiyanaku kuli ndi chifukwa chake chomveka, pakuti ntchito yonseyo inagona pa kusasiya chiŵerengero choona m'mabuku, ndipo munthu wobisa anthu salemba kaundula wa amene wawabisa. Alipo amene amati mbiri yawo yakometseredwa mopitirira, ndi kuti anthu ena amene anathandiza nawo aiŵalika mumthunzi wa dzina limodzi. Mfundo yachiŵiriyi tikuivomereza. Dziko la Switzerland nalonso linaivomereza, mochedwa, pamene lamulo loyamba kugwira ntchito mu 2004 linafafaniza zigamulo za onse amene analangidwa chifukwa chothandiza anthu othaŵa chipani cha Nazi.

Timu yawo yakale ya Brühl inatcha bwalo lake la mpira dzina lawo mu 2006. Mu 2012 mlatho wolumikiza Diepoldsau ndi Hohenems, pamwamba pa khwaŵa lakale lija la Rhine, unatchedwa mlatho wa Paul Grüninger, ndipo anthu a mbali zonse ziŵiri amawolokapo tsiku ndi tsiku popita kuntchito ndi kokagula zinthu.