Mapu Olimidwa Padima

Pamene Napolo adatsika m'phiri la Michesi m'mwezi wa Malichi 1991 n'kukokolola midzi ya ku Phalombe, ine ndidali mphunzitsi wachinyamata kwathu ku Nkhulambe. Masiku amenewo njira zidali m'mitu mwa anthu. Mlendo wobweretsa thandizo ankaima pamphambano n'kumafunsa, ndipo akasowa womulondolera, ufa unkathera m'midzi ya m'mbali mwa msewu. Mapu adalipo, koma adali apepala, osungidwa m'maofesi akutali.

Kusintha kudayambira ku Britain mu 2004, pomwe Steve Coast adayambitsa OpenStreetMap. Ganizo lake lidali loti mapu a dziko lonse ajambulidwe ndi anthu wamba odzipereka, aliyense n'kuikapo msewu, mlatho kapena chitsime chomwe akuchidziwa, ndipo zonsezo zikhale za aliyense. Ife akumudzi tingati ndi dima: makasu ambiri, munda umodzi.

Mafoni amakono atafala, makampani akuluakulu adaikamo mapu awoawo, omwe kapangidwe kake n'chinsinsi cha eni ake. Anthu odzipereka aja sadagone. Mu 2010 kudabwera pulogalamu ya OsmAnd, ndipo mu 2021 idatulukanso ina, Organic Maps. Onse awiriwa ndi mapulogalamu osabisa kapangidwe: wodziwa ntchitoyi angathe kuwasuzumira m'kati, kukonza cholakwika n'kugawira anzake. Ukakopera mapu m'foni kamodzi, amagwirabe ntchito ngakhale netiweki itasowa.

Kuno kwathu ntchitoyi idazika mizu ku Chigwa cha Shire mu 2014, pomwe bungwe la Humanitarian OpenStreetMap Team lidaphunzitsa Amalawi kujambula midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 adapeza ambiri mwa malowo ali kale pamapu.

Ife a ku Nkhulambe tidaphunzira ndi misozi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Mulanje. Chipatala chathu chidaonongeka, milatho idapita, ndipo kwa masiku angapo tidali ngati pachilumba. Mvula itakata, mphwanga, mwana wa mlongo wanga yemwe amaphunzira ku Zomba, adafika wapansi. Adandionetsa foni yake nati, "Malume, taonani. Madenga awa adajambula ndi anthu omwe sadapondepo kuno, poyang'ana zithunzi zam'mlengalenga. Koma maina sangawadziwe."

Adanena zoona. Nyumba zinkaoneka ngati timabokosi, koma mudzi womwe mudagwera mchombo wanga udalibe dzina, ndipo kanjira kodutsa kumanda, komwe kadapulumutsa ambiri usiku uja, sikadalipo. Tidatha sabata yathunthu tikuyenda, ine ndikutchula maina, iye akulemba. Pena tinkaima kwa anyakwawa kufunsa kalembedwe kake, poti ena mwa mainawo ndi a Chilomwe. Patapita masiku, zomwe tidalemba zidaonekera m'mafoni a anthu ena.

Dima lili ndi vuto lake: pomwe sipadafike khasu pamakhalabe thengo. Mapu amenewa ndi olemera m'mizinda, koma m'midzi yambiri akadali ndi mipata, chifukwa foni, magetsi ndi ndalama za intaneti si za aliyense. Komabe chipata chake n'chosatseka. Mvula yamkuntho idzabweranso, ndipo woyendetsa ambulansi wochokera kutali adzafuna dzina la mudzi wanu. Funsani mwana wa pakhomo panu ngati lidalembedwa.