Sensa ya Mphamvu ya Oyilo (pa injini ya lole)

Kachipangizo kamazinga komangidwa pa buloko ya injini, kawirikawiri pafupi ndi fyuluta, pamene pamadutsa oyilo wochokera ku pampu. Mitundu yake ndi iwiri: ina imangoyatsa nyali yofiira oyilo akafooka, ina imayendetsa muvi wa geji.

Sensa ikatopa imachucha, kapena muvi umavinavina. Komabe si bwino kufulumira kuiweruza. Makaniko wosamala amayamba wamanga geji ya pamanja pabowo la sensayo, chifukwa nyali ija mwina ikunena zoona, ndipo injini yopanda oyilo wokwanira imadya mabeyaringi m'mphindi zochepa.

Posintha, injini izizire kaye, waya achotsedwe, sensa imasulidwe ndi soketi yakuya. Mazinga ndiwo amapusitsa ambiri: injini zambiri za ku Japan zili ndi 1/8 BSPT, za ku America 1/8 NPT. Amafanana m'maso, koma kukakamiza kumawononga bowo. Tepi yomatira isachuluke, pakuti sensa ya waya mmodzi imadalira kukhudzana ndi buloko kuti magetsi ayende.

Malo akapanikiza kapena kunjenjemera kukamathyola sensa, ena amaisamutsira patali ndi payipi yopirira mphamvu ya oyilo, n'kuipatsa waya wakewake wa ethi.