Ndani Amasankha Sipikala wa Nyumba ya Malamulo?

Pa Manda Hill

Minibasi yochokera ku Chelstone kupita m'tauni imadutsa mu msewu wa Great East. Ikafika pa Manda Hill, chapafupi pomwepo pali Nyumba ya Malamulo ya dziko la Zambia. Nyumbayi inatsegulidwa mu 1967.

M'nyumbamo aphungu amakangana, nthawi zina mpaka kukwezerana mawu. Woletsa phokoso ndi Sipikala. Ndiye amapereka mpata woyankhula. Phungu akalakwitsa, amamuuza kuti abweze mawu ake kapena atuluke panja. Koma pa pepala lovotera simunaonepo dzina la Sipikala. Nanga amafika bwanji pa mpandowo?

Nthawi ya atsamunda

Dziko lino linkatchedwa Northern Rhodesia. Bwalo lopanga malamulo linayamba mu 1924 ku Livingstone, ndipo likulu linasamukira ku Lusaka mu 1935. Wotsogolera zokambirana anali Bwanamkubwa mwini wake. Wolamula dziko ndi yemweyo, woweruza mkangano wa m'bwalomo ndi yemweyonso. Munthu wakuda munalibe.

Zinthu zinasintha pang'ono mu 1948. Anthu akuda awiri oyamba analowa m'bwaloli: a Nelson Nalumango ndi abusa Henry Kasokolo. Chaka chomwecho kunakhala Sipikala woyamba, Thomas Page, mzungu wa ku Fort Jameson, komwe lero ndi ku Chipata. Sanavoteredwe. Anachita kuikidwa ndi Bwanamkubwa. Mu 1956 m'malo mwake munalowa Thomas Williams.

Ufulu utabwera

Zambia inalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964. Kuyambira pamenepo aphungu ndiwo amasankha Sipikala. Woyamba wachikuda anali a Wesley Nyirenda, kuyambira 1964 mpaka 1968.

Kenako kunabwera a Robinson Nabulyato. Palibe wina anakhalitsa pa mpandowu kuposa iwo. Anayamba mu 1969 n'kulekeza mu 1988. Anabwereranso mu 1991, chipani cha MMD chitapambana, n'kukhalapo mpaka 1998. Pa zaka zitatu za pakatipo panali a Fwanyanga Mulikita.

Mbiri ya a Nabulyato ili ndi mbali ziwiri. Atangoyamba ntchito anakana kuvomereza chipani cha ANC cha a Harry Nkumbula kukhala chipani chotsutsa boma chodziwika m'Nyumbamo, ponena kuti aphungu ake ndi ochepa. Koma dziko litakhala la chipani chimodzi cha UNIP, iwo omwewo anadziwika kuti ankalola aphungu kufunsa nduna mafunso owawa. Pa nthawi imeneyo sichinali chinthu chapafupi.

A Amusaa Mwanamwambwa anatsatira, kuyambira 1998 mpaka 2011.

Voti imodzi

Chisankho cha Sipikala cha mu Okutobala 2011 ndi chosaiwalika. A Michael Sata a chipani cha PF anali atangokhala Pulezidenti, koma chipani chawo chinalibe aphungu okwanira kuchita zofuna zake chokha. A PF anapereka dzina la a Patrick Matibini, woweruza wa ku Khoti Lalikulu. Otsutsa boma anapereka dzina la a Richard Kapita. Mavoti atawerengedwa, a Matibini anapeza 78, a Kapita 77.

Phungu mmodzi yekha akanasintha maganizo, Sipikala akanakhala wina. Apa m'pamene pakuonekera mphamvu ya wovota wamba. Pa chisankho cha 2011 anthu a ku Chelstone ankavotera m'dera la Munali. Phungu amene anamutuma ku Manda Hill ndiye ananyamula voti yawo pa tsikulo. Posankha phungu timaganiza za misewu, madzi ndi misika. Za Sipikala timaiwala, chonsecho nayenso timamusankha kudzera mwa phungu yemweyo.

Zimene lamulo likunena

Malamulo aakulu a dziko anakonzedwanso mu 2016. Iwo amati mayina a ofuna Usipikala amaperekedwa ndi Pulezidenti komanso zipani zimene zili ndi aphungu m'Nyumbamo. Aphungu amavota mwachinsinsi. Woyendetsa chisankhocho ndi Mlembi wa Nyumba ya Malamulo, popeza mpando wa Sipikala umakhala ulibe munthu.

Wopikisana ayenera kukhala nzika ya Zambia yobadwa kapena yamtundu, wopanda unzika wa dziko lina. Akhale wa zaka 35 kapena kuposerapo, wokhala ndi satifiketi ya Giredi 12 kapena yofanana nayo. Aulule chuma chake ndi ngongole zake, ndipo akhale wokhoma msonkho. Chachikulu n'chakuti asakhale phungu. Ku Malawi n'kosiyana: kumeneko Sipikala amachokera pakati pa aphungu omwewo.

Sipikala wa ku Zambia savota. Mavoti a mbali ziwiri akafanana, nkhaniyo yagwa.

Kodi sakondera?

Pa pepala, Sipikala alibe mbali. Koma dzina lake limabwera ndi chipani, ndipo lopambana nthawi zambiri ndi limene olamula akulifuna. N'chifukwa chake otsutsa boma sasiya kumudandaula. Mu 2017 a Matibini anaimitsa aphungu 48 a chipani chotsutsa boma cha UPND kwa masiku 30 chifukwa chokana kukamvera mawu a Pulezidenti Edgar Lungu m'Nyumbamo. A UPND anati uku n'kukondera. Boma litasintha, aphungu a PF nawo anaimitsidwapo, ndipo madandaulo awo anali omwewo.

Mayi woyamba ndi achiwiri ake

Pa 3 Seputembala 2021 aphungu anasankha mayi Nelly Mutti, loya, popanda wopikisana nawo. Iwo ndi mayi woyamba kukhala Sipikala mu Zambia.

Sipikala ali ndi achiwiri awiri. Lamulo limati asachokere chipani chimodzi, ndipo asakhale amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Wachiwiri woyamba amachokera kunja kwa Nyumbayo, monga Sipikala. Winayo amasankhidwa pakati pa aphungu. Mu 2021 maudindowa anapita kwa mayi Attractor Chisangano ndi a Moses Moyo, phungu woima payekha wa ku Luangeni ku Chipata.